Nkhumba za ku Chibolya ndi Sikelo Yoyezera Anthu Ophunzira

Komboni ya Chibolya iri kumadzulo kwa tauni ya Lusaka, pafupi ndi msika wa Soweto ndi komboni yaikulu ya Kanyama. Alimi ambiri a m'midzi anaidziwa cifukwa ca msika wa mbuzi ndi nkhumba, kumene ziweto zocokera kutali zimatsitsidwa m'malole ndi kugulidwa ndi amalonda a nyama. Koma ndi ocepa amene adziwa kuti nkhumba zimene zinaphedwa pa malo amenewa zinalowa m'mabuku a akatswiri a za matenda m'maiko akutali, ndipo zinathandiza kukweza maina a anthu ophunzira a pa Yunivesite ya Zambia.

Nkhani imeneyi iyenera kumvedwa bwino ndi makolo amene ana ao ali ku masukulu apamwamba, ndiponso ndi mlimi ali yense woweta nkhumba, pakuti isonyeza mmene nchito ya munthu wofufuza za matenda imayezedwera, ndi zimene muyeso umenewo umasiya.

Masese a m'nyama

M'caka ca 2002, magazini ya akatswiri a ziweto yochedwa Veterinary Parasitology inasindikiza lipoti lolembedwa ndi a Isaac Phiri a ku sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel pa Yunivesite ya Zambia, pamodzi ndi anzao ena a ku Ulaya. Iwo anayang'ana nkhumba 1,316 pa malo ophera nkhumba a ku Chibolya, ndipo zambiri mwa izo zinali zocokera ku cigawo ca Kum'mwera. Cimene anali kufuna ndi timatuza toyera tija timene timapezeka m'nyama ya nkhumba, timene anthu a Kum'mawa amati masese. Poyang'ana kunsi kwa lilime, monga acitira ogula nkhumba, anapeza masese m'nkhumba 11 pa 100 ziri zonse. Koma poceka nyama itaphedwa, anawapeza m'nkhumba 21 pa 100 ziri zonse.

Patapita zaka ziwiri, mu 2004, gulu lomwelo motsogozedwa ndi a Pierre Dorny a ku Antwerp m'dziko la Belgium linaturutsa lipoti lina lonena za nkhumba 868, ndipo anazipimanso magazi. Masamu ao anaonetsa kuti nkhumba zoposa 60 pa 100 ziri zonse zinali ndi masese, ndi kuti kuyang'ana lilime kumagwira nkhumba yodwala imodzi yokha mwa zisanu, zinai n'kudutsa ngati zabwino. Kuyang'ana nyama monga mwa masiku onse nakonso sikunapose pamenepo kwenikweni.

Masese ndi ana a njoka ya m'mimba yaitali ngati lamba. Munthu akadya nyama ya masese yosapsa bwino, njokayo imakula m'matumbo mwake ndi kuturutsa mazira zikwizikwi pamodzi ndi cimbudzi cake. Akadzithandiza kuthengo, nkhumba yoyendayenda imadya zonyansazo, ndipo masese amamera m'thupi mwake. Coopsa koposa cimacitika pamene mazirawo alowa m'kamwa mwa munthu kupyolera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba. Apo masese amamera m'thupi la munthuyo, nthawi zina mu ubongo, ndipo amayamba kugwa khunyu. Ngakhale munthu wosadya nkhumba konse angathe kudwala motero. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti m'madera mmene njokayi iri yofala, pafupifupi odwala khunyu atatu mwa khumi amadwala cifukwa ca iyo.

Kulemba ndi kuchulidwa

Tsono nchito ngati imene inagwiridwa ku Chibolya imayezedwa bwanji? Mlimi akapita ndi cimanga ku depoti, sikelo imanena kulemera kwake ndipo mkangano umathera pomwepo. Nchito ya wofufuza iribe thumba lotungira, kotero anthu ophunzira anapanga njira zao zoiwerengera.

Njira yoyamba ndi kuwerenga malipoti amene munthu wasindikiza. Wofufuza akatsiriza nchito yake amalemba zimene wapeza ndi kutumiza kwa mkonzi wa magazini ya akatswiri. Mkonziyo amapereka pepalalo kwa akatswiri ena awiri kapena atatu, amene kawirikawiri maina ao amabisidwa, kuti afune zolakwa. Iwo angalikane, kapena kulibweza kuti likonzedwe, ndipo pangapite miyezi yambiri lisanasindikizidwe. Pepala limene lapyola pa cipata cimeneci ndi limene limawerengedwa pa dzina la mwini wake.

Njira yaciwiri ndi kuwerenga kuti pepalalo lachulidwa kangati ndi anthu ena. Mwambo wa anthu ophunzira ndi wakuti ali yense wolemba lipoti aike kumapeto kwake mndandanda wa malipoti amene anamuthandiza, monga momwe munthu woweruza mlandu pa bwalo amachulira mlandu wakale umene akuluakulu anaugamula kale. Motero katswiri wa ku Tanzania kapena ku Peru akalemba za kupima nkhumba, nanena kuti kuyang'ana lilime sikukwanira, amachula lipoti la mu 2004 lija, ndipo kuchula kumodzi kumalembedwa pa maina a onse amene analilemba. Lipoti limenelo lachulidwa kale nthawi mazana angapo.

Amene anayambitsa kuwerenga kotere ndi Eugene Garfield wa ku America. Iye analongosola maganizo ake mu 1955 m'magazini ya Science, ndipo mu 1964 bungwe lake la mu mzinda wa Philadelphia linayamba kugulitsa mabuku akuluakulu ochedwa Science Citation Index, osonyeza amene wachula mnzake. Colinga cake poyamba cinali kuthandiza owerenga kulondola nkhani kucokera pa lipoti limodzi kufika pa lina. Koma posakhalitsa akuluakulu a mayunivesite anaona kuti mabukuwo angagwirenso nchito ya sikelo. Lero kuwerengako kumacitika ndi makompyuta, ndipo nkhokwe zodziwika ndi Web of Science, Scopus ndi Google Scholar. Ziwiri zotsirizazi zinayamba mu 2004.

Magazini nawonso amapatsidwa nambala yao. Amatenga malipoti onse amene magaziniyo inasindikiza m'zaka ziwiri zapitazo, nawerenga kuti achulidwa kangati caka cino, nagawa ndi kuculuka kwa malipotiwo. Magazini ya nambala yaikulu, monga The Lancet ya ku London, imalimbiranidwa kwambiri, ndipo munthu amene pepala lake lalowamo amayamba kuonedwa ndi maso ena.

Nambala ya Hirsch

M'caka ca 2005, Jorge Hirsch, mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite ina ya ku California, anapeza njira yophatikiza miyeso iwiri ija kuti ikhale nambala imodzi, imene ichedwa h-index. Wofufuza amene nambala yake ndi 10 ali ndi malipoti khumi amene liri lonse lachulidwa kakhumi kapena kuposa. Kuti afike pa 11, afunika malipoti khumi ndi limodzi amene liri lonse lachulidwa nthawi 11.

Citsanzo ca kumunda cingathandize. Pali alimi atatu. Woyamba ali ndi timinda makumi awiri, koma kali konse kamapatsa thumba limodzi lokha, ndipo nambala yake ndi 1. Waciwiri ali ndi munda umodzi umene unapatsa matumba zana, pamene minda yake yina yonse inangopatsa thumba limodzilimodzi, ndipo nayenso nambala yake ndi 1. Wacitatu ali ndi minda isanu ndi umodzi, uli wonse wopatsa matumba asanu ndi limodzi, ndipo nambala yake ndi 6. Muyeso wa Hirsch umakweza mlimi wacitatuyo, ngakhale kuti m'nkhokwe ya waciwiri muli cimanga cambiri koposa. Umakondera munthu amene walimbikira zaka zambiri, ndipo sutsika ngakhale mwini wake atapuma pa nchito.

Manambala amenewa ali ndi mphamvu pa moyo wa wofufuza. Mayunivesite ambiri amawayang'ana posankha amene akwezedwe kukhala profesa, ndipo mabungwe opereka ndalama za kafukufuku amawayang'ana posankha amene apatsidwe. Ubwino wake ulipo ndithu. Kumene kulibe muyeso uli wonse, munthu angakwezedwe cifukwa ca cibale, mtundu kapena kudziwana ndi akulu. Mwana wa mlimi wosauka amene malipoti ake achulidwa ndi akatswiri a maiko ambiri ali ndi umboni umene munthu wa kaduka sangaufafanize.

Nthawi zina sikelo imagwirizana bwino ndi phindu lenileni. Malemu Profesa Chifumbe Chintu, dokotala wa ana pa cipatala ca UTH, anatsogolera kafukufuku wa ana 541 okhala ndi kacirombo ka HIV. Lipoti lao la mu 2004 m'magazini ya The Lancet linaonetsa kuti mankhwala otsika mtengo a cotrimoxazole, amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Septrin, akamwedwa tsiku ndi tsiku anacepetsa imfa za anawo ndi 43 pa 100. Caka comweco mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza kuti ana otero azipatsidwa mankhwalawa. Pepala limenelo linachulidwa kwambiri, ndipo ana ambiri anapulumuka nalo.

Zimene sikelo imasiya

Komabe akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nambala yaikulu siisonyeza nthawi zonse kuti nchito inali yabwino, ndipo yaing'ono siisonyeza kuti inali yacabe.

Coyamba, kuchulidwa kumadalira kuculuka kwa anthu amene alemba pa nkhani yofananayo. Mu 2014 magazini ya Nature inalengeza kuti pepala limene linali litachulidwa koposa onse ndi la mu 1951, lolembedwa ndi Oliver Lowry ndi anzake, lolongosola njira ina yopimira zinthu m'cipinda ca kafukufuku. Linali litachulidwa nthawi zoposa 300,000, cifukwa njirayo inagwiritsidwa nchito ndi akatswiri a mitundu yambiri. Koma masese ndi matenda a anthu osauka oweta nkhumba zoyendayenda, ndipo amene amawafufuza pa dziko lonse ndi kagulu kocepa. Mu 2010 bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa. Wofufuza za masese, ngakhale atalimbika cotani, sangapikisane pa manambala ndi mnzake wofufuza za khansa kapena matenda a mtima, amene ali ndi owerenga zikwi zambiri m'maiko olemera. Ngozi yake ndi yakuti wophunzira wacinyamata wanzeru, poona kuti kukwezedwa kuli pa manambala, angasiye matenda a kwao ndi kuthamangira amene achukitsa msanga.

Caciwiri, nkhokwe zazikulu zowerengera zija sizitenga magazini onse. Magazini ambiri osindikizidwa mu Africa sali m'kati mwa Web of Science, kotero dokotala amene walemba zothandiza anzake a m'dziko muno angaoneke ngati sanalembe kanthu. Ndiponso ena mwa magazini ochuka amalipiritsa wolemba madola zikwi zingapo kuti pepala lake liwerengedwe ndi onse kwaulere, ndalama imene ofufuza ambiri a kuno sangaipeze popanda mnzao wakunja.

Cacitatu, makina owerengera sadziwa cifukwa cimene pepala lachulidwira. Mu 1998 The Lancet inasindikiza lipoti la dokotala wina wa ku Britain, Andrew Wakefield, limene linacititsa makolo ambiri kuopa katemera wa cikuku. Lipotilo linapezeka lacinyengo ndipo linacotsedwa mu 2010, koma linachulidwa nthawi zambirimbiri, kawirikawiri ndi anthu olitsutsa. Makina amawerenga kutsutsa ndi kuyamika mofanana. Aliponso olemba ena amene amadzichula okha mopitiriza, kapena kupangana ndi anzao kuti azichulana, ndi ena amene amagawa nchito imodzi kukhala timapepala tinai kuti mndandanda wao utalike.

Cacinai, pepala limodzi lingakhale ndi maina khumi, ndipo onse amalandira kuchulidwa kofanana, amene anagona m'midzi miyezi yambiri ndi amene anangowerenga pomaliza. Ndipo pali anthu amene maina ao salembedwa pa mndandanda wa olemba konse: anyamata amene anagwira nkhumba ndi kuzitsegula pakamwa ku Chibolya, opha nyama amene analola alendo kuima pa nchito yao, mafumu amene anaitanitsa misonkhano, ndi amai amene anavomera kupereka magazi kuti apimidwe. Anthu amenewa salemba malipoti, kotero sangachule munthu, ngakhale atathandizidwa kwambiri.

Zolakwa zimenezi anthu ophunzira eni ake anaziona. Mu December 2012 akonzi a magazini ndi akatswiri ena anakumana mu mzinda wa San Francisco, nagwirizana mfundo zakuti munthu asayezedwe ndi nambala ya magazini imene walembamo, koma ndi zimene ziri m'nchito yake. Mabungwe ambiri a m'maiko osiyanasiyana anasaina mfundozo pambuyo pake.

Kucokera ku Chibolya kufika ku Katete

Funso limene mlimi angafunse ndi lakuti: nanga nkhumba za ku Chibolya zija zitawerengedwa, cinatsatira nciani? Yankho lake ndi limene lisonyeza mtengo weniweni wa malipoti aja, cifukwa ofufuzawo sanaimire pa msika. Analondola matendawo mpaka kumidzi.

Mu 2012, a Kabemba Evans Mwape a pa Yunivesite ya Zambia ndi anzao anasindikiza zimene anapeza m'dera lina la m'boma la Petauke, kumene anthu 6 pa 100 ali onse opimidwa anali ndi njoka ya m'mimba ija. Mu 2015 anaturutsa lipoti lina la m'boma la Katete. Kumeneko anatenga anthu odwala khunyu nawajambula m'kati mwa mutu ndi makina a ku cipatala ndi kuwapima magazi, ndipo pophatikiza zotsatira zonsezo oposa theka anaoneka kuti ali ndi masese mu ubongo. Kwa banja limene mwana wao wakhala akunenedwa kuti analodzedwa, kapena limene lakhala likulozana zala ndi anansi, uwu ndi uthenga waukulu, pakuti khunyu yotero iri ndi cifukwa codziwika ndipo ku cipatala kuli mankhwala oletsa kugwa.

Caka comweco ca 2015, lipoti lina linalongosola cifukwa cake zimbudzi sizigwiritsidwa nchito m'midzi ina ya ku Petauke. Ofufuza anakhala pansi ndi magulu a abambo, amai ndi ana, namva kuti abambo ambiri amacita manyazi kuoneka akulowa m'cimbudzi cimodzi ndi apongozi ao kapena ana ao aakazi aakulu, kotero amasankha kuthengo. Lipoti lotere silinachuke ngati la The Lancet, koma mlangizi wa za umoyo amene waliwerenga adziwa kuti malo omangapo cimbudzi ndi mbali imene khomo lake liyang'ana ziyenera kukambidwa ndi eni mudzi.

Potsiriza, ofufuza a ku Zambia ndi a ku Belgium anayesa kuthetsa matendawa m'midzi ina ya ku Katete. Kwa zaka ziwiri anali kubaya nkhumba katemera ndi kuzipatsa mankhwala opha masese, anthu namwa mankhwala opha njoka za m'mimba, ndipo ana a sukulu anaphunzitsidwa mmene matendawa amayendera. Atayang'ana nyama ya nkhumba zimene anaziyesa pa mapeto, sanapezemo masese amoyo. Zotsatirazo zinasindikizidwa mu 2020 m'magazini ya New England Journal of Medicine, pa masamba awiri okha, ndipo a Sarah Gabriël a pa yunivesite ya Ghent ndi a Mwape ndiwo anali patsogolo pa maina.

Kucokera pa lipoti la ku Chibolya kufika pa la ku Katete panapita zaka 18. Nambala ya magazini ija imayang'ana zaka ziwiri zokha, ndipo munthu woyeza nchitoyi mu 2004 sakanadziwa kumene idzafika.

Muyeso wacitatu

Kotero akuluakulu a mayunivesite ndi a Boma, pamene awerenga malipoti a munthu ndi kuchulidwa kwake, ayenera kuonjezapo funso lina: kodi nchito yake yasintha ciani pa cipatala, pa msika kapena pa mudzi? Kodi yalowa m'malangizo a Unduna wa za Umoyo kapena wa Ziweto? Kodi waphunzitsa acinyamata angati amene adzapitiriza iye atapuma? Kodi anabwerera kwa anthu amene anawapima kukawauza m'cinenero cao zimene anapeza? Mafunso amenewa ndi obvuta kuwasandutsa nambala, ndipo afuna anthu oti akhale pansi ndi kuwerenga nchito yeniyeniyo. Koma ndalama za kafukufuku ndi zocepa, ndipo zikagawidwa motsata manambala okha, matenda a m'midzi ndi m'makomboni adzatsala m'mbuyo.

Mafumu ndi anthu ao nawonso ali ndi mbali yao. Pamene ofufuza afika pamudzi kudzapempha cilolezo, ndi bwino kuwalandira, komanso ndi coyenera kuwafunsa tsiku limene adzabwere kudzanena zotsatira. Munthu ali yense ali ndi ufulu wakuuzidwa colinga ca kafukufuku asanapereke magazi, ndiponso wakukana ngati safuna.

Ndipo zimene zinapezeka kale siziyembekeza profesa kuti zigwire nchito. Nkhumba ikhale m'khola, makamaka kuti isafike kumene anthu adzithandizira. Banja liri lonse likhale ndi cimbudzi, ndipo ngati mwambo wa apongozi uletsa, zimangidwe ziwiri. Manja asambidwe ndi sopo kapena phulusa pocoka ku cimbudzi ndi pofuna kudya. Nyama ya nkhumba iphikidwe mpaka ipse m'kati mwenimweni, ndipo ya masese isagulitsidwe ngakhale pa mtengo wotsika. Wogula asakhulupirire lilime loyera, popeza nkhumba za ku Chibolya zinaonetsa kuti zinai mwa zisanu zodwala zimapyola pa mayeso amenewo. Ndipo munthu amene wayamba kugwa khunyu apite naye ku cipatala msanga.